Obama anayambira ku Springfield, osati ku Washington

Achemwali, mwafunsa kuti zikutheka bwanji kuti ena akulemba zoti Barack Obama anakhala seneta mu 1997 pomwe ena akuti 2005, komanso ngati ndi zoona kuti anangotulukira n'kukhala pulezidenti asakudziwa ndale. Zaka ziwiri zonsezo n'zolondola, kungoti mipando yake ndi yosiyana.

Dziko la America lili ndi ma state 50, ndipo state iliyonse ili ndi bwanamkubwa wake, bajeti yake ndi nyumba yakeyake ya malamulo. Kwathu kuno malamulo onse amapangidwira ku Lilongwe, n'chifukwa chake nkhaniyi imatisokoneza. Kumeneko malamulo ambiri okhudza apolisi, sukulu, misewu ndi chilango cha munthu wopha mnzake amapangidwa ku state. State ya Illinois ili ndi nyumba ziwiri zomwe zimakumana mumzinda wa Springfield, ina ya aphungu 118, ina ya maseneta 59. Obama analowa mu ya anthu 59 imeneyi mu Januwale 1997, kuimira dera la nambala 13 kum'mwera kwa Chicago, ndipo anatula pansi mpandowo mu Novembala 2004. Ya 2005 ija ndi seneti ya ku Washington, ya anthu 100, awiri kuchokera ku state iliyonse. Ndiye amene akuti munthuyu sankadziwa ndale akufufuta zaka pafupifupi 8 za ntchito, ndipo kwa ine zaka zimenezi ndi zomwe zimamuonetsa bwino kuposa zokamba zake zonse za pa msonkhano.

Kalowedwe kake sikanali kokoma, ngakhale omukonda ambiri amadumpha gawo limeneli. Pampandopo panali mayi Alice Palmer. Mu 1995 mpando wina wa ku Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Washington, utatsala wopanda munthu, mayiwa anapita kukapikisana nawo, n'kuuza anthu awo kuti Obama ndiye awalowe m'malo. Atagonja kwa Jesse Jackson Jr. anafuna kubwerera, koma Obama anakana kuwapatukira. Ku Illinois, kuti dzina lako lilowe papepala lovotera umayenera kubweretsa masiginecha a anthu a m'dera lako omwe analembetsa m'kaundula wa voti, ndipo pampando uwu ankafunika 757. Mayi Palmer anasonkhanitsa awo mothamanga. Anthu a Obama anakakhala pansi ku ofesi ya zisankho ndi kaundula pambali, n'kumaona dzina limodzilimodzi: uyu sakhala m'dera lino, uyu sanalembetse, uyu adiresi yake ndi yolakwika. Pomaliza mayiwa ndi anthu ena atatu anatsala panja, Obama n'kudutsa pa chisankho cha chipulula cha chipani cha Democratic yekhayekha. Lamulo silinaphwanyidwe. Komabe zimandipweteka, chifukwa anthu a m'deralo sanapatsidwe mwayi wosankha, ndipo wochotsedwayo ndi amene anamutsegulira khomo.

Atafika ku Springfield anapeza kuti chipani chake chili ku mbali yochepa. A Republican ndiwo ankayendetsa seneti mpaka kumayambiriro kwa 2003, motsogozedwa ndi James Philip, ndipo bilu ya munthu wa chipani chochepa inkatha kufera m'komiti osamvekanso. Ngakhale anzake ena akuda a ku Chicago, monga Rickey Hendon ndi Donne Trotter, ankamunyoza kuti ndi mphunzitsi wa ku yunivesite wobwera dzulo, popeza nthawi yomweyo ankaphunzitsa malamulo pa University of Chicago. Iye anasankha kusayenda yekha. Anayamba kusewera makadi madzulo ndi maseneta achizungu a m'madera a kunja kwa Chicago, monga Terry Link ndi Denny Jacobs, ndipo anadziphatika kwa mtsogoleri wa chipani chake m'nyumbamo, Emil Jones, munthu wakale pa ndale za Chicago. Jones ndi amene anamutuma mu 1998 kukagwira ntchito ndi Kirk Dillard wa Republican pa lamulo loletsa andale kulandira mphatso zambiri kwa anthu ofuna kukonderedwa, komanso kudyera ndalama za kampeni pa zofuna zawo. Lamulolo linadutsa, m'state yomwe mbiri yake ya katangale aliyense amaidziwa.

Kenako anapupuluma. Mu 2000 anakalimbana ndi Bobby Rush, phungu wa ku Congress yemwe kale anali mmodzi mwa atsogoleri a Black Panther, gulu lomenyera ufulu wa anthu akuda, ku Illinois. Miyezi yochepa chisankho chisanafike, mwana wa Rush anaphedwa ndi mfuti, ndipo mu Disembala 1999 seneti itavotera bilu yokhudza mfuti, Obama anali ku Hawaii, mwana wake akudwala. Biluyo inagwa, ndipo manyuzipepala sanamumvere chisoni. Rush anapeza mavoti 61 pa 100 alionse, Obama 30. Anabwerera pampando wake wa ku Springfield ali ndi ngongole za kampeni.

Chaka chomwe ndikufuna muchione bwino ndi 2003. A Democratic atapambana, Emil Jones anakhala mkulu wa seneti, Obama n'kukhala wapampando wa komiti ya zaumoyo, ndipo anapatsidwa bilu yovuta kwambiri, yokhudza momwe apolisi amafunsira anthu oganiziridwa kuti apha munthu.

Kuti mumvetse kulemera kwake, dziwani zomwe zinkachitika. Kum'mwera kwa Chicago kunali mkulu wa apolisi dzina lake Jon Burge, yemwe anachotsedwa ntchito mu 1993. Gulu lake linkatsekera amuna akuda m'chipinda, kuwawombetsa ndi magetsi, kuwaveka pulasitiki kumutu mpaka mpweya kubanika, kuti avomere milandu. Ku khoti nkhani inkakhala mawu a wapolisi kulimbana ndi mawu a woimbidwa mlandu, pepala losainidwa lili patebulo, ndipo mukudziwa kale amene ankakhulupiriridwa. Ena mwa anthuwa anaweruzidwa kuti aphedwe. Pofika Januwale 2000, Illinois inali itapha akaidi 12 chibwezeretsereni chilangochi m'ma 1970, koma inali itamasula 13 omwe ankadikira imfa zitadziwika kuti anamangidwa molakwika. Bwanamkubwa George Ryan, wa Republican, anaimitsa kupha. Mu Januwale 2003, atatsala pang'ono kuchoka, anakhululukira amuna anayi omwe ankati anazunzidwa ndi gulu la Burge, n'kusintha chilango cha imfa cha anthu 167.

Bilu ya Obama inkati pa milandu yakupha, kufunsa konse kwa ku polisi kujambulidwe, osati kuvomera kwa pamapeto kokha. Poyamba apolisi anakana, oimira boma pa milandu ambiri anakana, ngakhale bwanamkubwa watsopano Rod Blagojevich, wa chipani chake chomwe, sanaikonde. Obama sanathamangire pa wailesi kukawatchula kuti ndi ozunza anthu. Anawaitana n'kukhala nawo mobwerezabwereza, kumva madandaulo awo limodzi ndi limodzi: makina akafa zikhala bwanji, woganiziridwayo akakana kujambulidwa titani, nanga akaulula ali m'galimoto asanafike ku polisi. Pomwe dandaulo linali lomveka, anasintha mawu a biluyo. Anawaonetsanso mbali yomwe inkawakomera, yoti tepi imateteza wapolisi wachilungamo amene akunamiziridwa kuti anamenya munthu, komanso imalimbitsa mlandu pamaso pa oweruza. Itafika povota mu seneti, panalibe ndi mmodzi yemwe wotsutsa, ndipo Blagojevich anasaina mu Julayi 2003. Illinois inakhala state yoyamba kukakamiza zimenezi kudzera m'lamulo lopangidwa ndi aphungu.

Ine ndimalemekeza ntchito imeneyi chifukwa munthu wosauka amene wagwidwa usiku alibe loya, alibe wachibale wodziwika, chomuteteza ndi kamera yomwe ili pakhoma basi. Phungu amene wamuikira kamerayo wagwira ntchito yooneka, ngakhale dzina lake lisadziwike kunja kwa state yake.

Chaka chomwecho anadutsitsanso lamulo loti apolisi azilemba mtundu wa munthu aliyense amene amuimitsa pamsewu, kuti zidziwike ngati akuda akuimitsidwa mopitirira muyeso. Apa panali madandaulo: Hendon ananena poyera kuti iye ndiye anavutika ndi nkhaniyi kwa zaka zambiri, Jones n'kuipereka kwa Obama itatsala pang'ono kupsa kuti amukonzere njira ya ku Washington. Dandaulo limenelo silopanda pake, ndipo Jones sankabisa kuti akufuna kumukweza.

Wina akhoza kukuuzani za mavoti a “present”, ndiye ndifotokozeretu. Pa desiki ya seneta ku Springfield pali batani lobiriwira lovomera, lofiira lokana, ndi lachikasu longonena kuti ndilipo. Popeza bilu imafuna mavoti 30 ovomera kuti idutse, lachikasulo limagwira ntchito ngati kukana, koma dzina lako silioneka pa okana. Obama analidina maulendo pafupifupi 130 pa mavoti masauzande angapo, ndipo a Hillary Clinton anamudzudzula nazo pa kampeni ya 2008. Ena mwa mavotiwo anali pangano la chipani kapena njira yosonyeza kuti biluyo ikusemphana ndi malamulo aakulu. Ena ndimawaona ngati kuzemba nkhani zotentha, ndipo sindimuikira kumbuyo pamenepo.

Chinanso chomwe ambiri sadziwa n'choti pomwe ankatsutsa nkhondo ya ku Iraq pa msonkhano ku Chicago mu Okutobala 2002, komanso pomwe ankalankhula pa msonkhano waukulu wa chipani cha Democratic ku Boston mu Julayi 2004 dziko lonse n'kumudziwa, anali adakali seneta wa ku Springfield. Mu Novembala 2004 anagonjetsa Alan Keyes ndi mavoti 70 pa 100 alionse n'kupita ku Washington. Mpando wake wa dera la 13 anautenga Kwame Raoul, mwana wa makolo ochokera ku Haiti, yemwe anatsogolera mu seneti bilu yothetseratu chilango cha imfa ku Illinois. Bwanamkubwa Pat Quinn anaisaina mu Malichi 2011, ndipo Raoul anadzakhala loya wamkulu wa boma la Illinois mu 2019.