Funsani Amakaniko: Galimoto yafa diso, babu lake ndi liti?

Funso: Probox yanga yafa diso la kumanja. Pa dimu silikuyaka, koma pa fulu likuyaka. Wogulitsa wina ku Limbe akuti nditenge babu la mawati 100 kuti ndiziona bwino pochokera ku Lunzu usiku. Nditenge?
Bambo wa ku Chirimba

Yankho: Bambo, la 100 lisiyeni pashelefu pomwepo. Lanulo ndi la mtundu wa H4, ndipo mkati mwake muli timawaya tiwiri: ka dimu ka mawati 55 ndi ka fulu ka mawati 60. Kaduka ndi ka dimu. Zulani babu lakufalo mupite nalo kusitolo. Pachitsulo chake palembedwa H4 12V 60/55W, kumbuyo kuli mano atatu, ndipo mugule lofanana nalo ndendende. H7 ili ndi mano awiri, H11 tsinde lake ndi lapulasitiki lopindika, sizilowana. Onetsetsaninso 12V, chifukwa la 24V ndi la malole, m'Probox liziyaka ngati koloboyi.

Babu la mawati 100 limakoka ma ampu (muyezo wa magetsi oyenda m'waya) oposa 8, pomwe la 60 limakoka 5. Mawaya a galimoto yanu sanapangidwire katundu wotere. Soketi imatentha mpaka kusungunuka, mumamva fungo la pulasitiki, ndipo siliva wa m'mbale yowalitsa amada. Akada, ngakhale babu latsopano silithandiza.

Poika musagwire galasi ndi zala. Mafuta a m'manja amapsa pagalasipo, babu n'kufa msanga. Mukaligwira mwangozi, pukutani ndi spiriti. Ngati thumba likulola sinthani onse awiri, linzakelo latopanso.

Funso: Ndikufuna aja oyera ngati a galimoto zatsopano. Ndiike LED?
Mayi wa ku Namiwawa

Yankho: Mayi, nyali imene inapangidwira babu wamba la halogen imadalira kuti kuwala kuchokere pamalo amodzi enieni, pamene pali kawaya kaja. LED zambiri zotchipa zimawalira pena, ndiye kuwala kumamwazika: inu simuona patali, wobwera kutsogolo pa Chipembere Highway mwamuthobwa m'maso. Aja amakuphethirani magetsi aja sakukupatsani moni ayi. Komanso kuwala kopita kobiriwira ngati thambo, kwa mababu olembedwa 6000K kupita m'mwamba, kumakubwererani m'maso pa chiperoni cha mu June ndi July. Njira ya ku Thyolo kukachita nkhungu, kofiirira kwa halogen kumaonetsa msewu bwino.

Musanawononge ndalama, yang'anani pulasitiki ya nyaliyo. Ikachita chikasu ndi dzuwa imabisa kuwala, ndipo kuipukutitsa n'kotchipa. Kenaka usiku imikani galimoto pamalo osalala, mamita 10 kuchoka pakhoma, muyatse dimu. Malire a kuwala akhale masentimita pafupifupi 10 kunsi kwa msinkhu wa nyali, ndipo akwere chakumanzere, kumene kumayenda anthu apansi ndi akabaza.

Funso: Mababu akungopsa mwezi ndi mwezi. Chikuchitika n'chiyani?
Dalaivala wa minibasi, Ndirande

Yankho: Achimwene, pitani kwa wa zamagetsi ayeze pa batire injini ikulira. Pakhale mavoti 13.8 mpaka 14.5. Akafika 15, regulator, kachipangizo koletsa mavoti kupyola muyezo ka pa alternator yotchaja batire, yawonongeka ndipo ikuotcha mababu. Akakhala bwino, aone waya wa earth (wolumikiza nyali kuchitsulo cha galimoto), soketi yogwedera, ndi kachivindikiro karabala kumbuyo kwa nyali. Kakang'ambika, madzi a ku kawoshi amalowa n'kugwera babu lotentha.