Gardenia wosachita maluwa

Mayi, mwati gardenia wanu ndi wobiriwira bwino koma watha zaka ziwiri osachita maluwa, komanso kuti mnyamata wogwira ntchito pakhomo amamumeta mwezi uliwonse pamodzi ndi mpanda. Vuto lagona pa kumetako. Chitsamba chimenechi chimayamba kukonza maluwa kunsonga za nthambi kudakali miyezi ingapo kuti amasule, ndiye nsonga zikamametedwa pafupipafupi, maluwawo amathera kudzala la zinyalala musanawaone n'komwe.

Muuzeni mnyamatayo amusiye kaye mpaka achite maluwa, ngakhale aoneke wosalongosoka. Kenako muzidulira kamodzi pachaka, maluwa omaliza akangofota. Musadalire kalendala, pakuti kozizira ngati ku Dedza ndi kotentha ngati ku Salima samasulira nthawi imodzi.

Podulira yambani ndi nthambi zouma, kenako zokhulana m'kati, kuti mphepo ndi dzuwa zizilowa. Zazitali zopitirira zinzake muzidule chopendeketsa, pamwamba pang'ono pa mfundo pomwe patuluka masamba, chifukwa mphukira zatsopano zimachokera pamenepo. Musachotse zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsamba chonse. Ngati chinakalamba n'kusanduka zikuni pansi, chifupikitseni pang'onopang'ono kwa zaka 2 kapena 3. Chikwanje ndiye ayi, chonde, chimang'amba khungwa ndipo matenda amalowera pabalapo. Pezani sizasi yodulira maluwa yakuthwa, muipukute ndi sipiriti.

Nsonga mwadulazo musataye. Zotalika masentimita 10 mpaka 15, zochotsedwa masamba am'munsi, zimagwira mizu mumchenga wonyowa pamthunzi. Ine anga onse atatu ndinawapeza choncho kwa mnzanga wakutchalitchi, ndipo fungo lawo madzulo limafika mpaka kukhitchini.

China chimene chimandimvetsa chisoni ndi phulusa. Ambirife tinazolowera kuthira phulusa pa chomera chilichonse, koma gardenia amafuna dothi la asidi, la pH (muyeso wa kuchuluka kwa asidi) ya pakati pa 5 ndi 6, ndipo phulusa ndi laimu zimachotsa asidiyo. Mukaona masamba anthete achikasu koma mitsempha yake ili yobiriwira, ndiye kuti akulephera kuyamwa ayironi, mchere wina wa m'dothi wofunika ku zomera. Mumuikire manyowa owolerana ndi masamba a paini patsinde. Muonenso kuseri kwa masamba: kukakhala zakuda ngati mwaye ndipo nyerere zikukwerakwera, pali tizilombo toyamwa madzi ake, tsukani ndi madzi a sopo pang'ono dzuwa litapepa.