Masiku 12 ku Thailand: Tipite Malo Angati?

FUNSO: Zikomo a Mlangizi. Ine ndi bambo a kunyumba takhala tikusunga ndalama kwa zaka zitatu kuti tikakondwerere zaka 20 za ukwati wathu ku Thailand. Tapeza tchuthi cha masiku 12 mu Ogasiti. Mwana wathu watilembera malo asanu: Bangkok, Chiang Mai, Phuket, Krabi ndi Koh Samui. Bambo akuti tipite konseko poti mwina sitidzapondakonso. Ine ndikuopa kuti tikangotopa. Kodi n'zotheka? Ndine Mayi wodera nkhawa.

YANKHO: Mayi, ndili mbali yanu, ndipo bambowo muwauze kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pa masiku 12, awiri akathera m'ndege. Otsalawo mukawagawira malo asanu, ndiye kuti pakangopita tsiku limodzi mukulongedzanso zikwama. Sankhani malo atatu: Bangkok, Chiang Mai ndi Koh Samui.

Phuket ndi Krabi ndawachotsa chifukwa cha mwezi wanuwo. Malo awiriwa ali kumadzulo, ku nyanja ya Andaman, kumene mvula ndi mphepo zimakula kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Chilumba cha Koh Samui chili kum'mawa, ndipo mvula yake yaikulu imadikira Okutobala mpaka Disembala. Ine ndinafika ku Phuket mu Seputembala osadziwa zimenezi. Masiku anayi onse mbendera zofiira zinali petupetu pa gombe la Karon, mafunde akuwinduka, opulumutsa anthu akuimba wezulo aliyense akangoti alowe m'madzi. Mbendera imeneyo musamaiderere kulikonse kumene mwaiona, chifukwa madzi amakokera munthu pakati ngakhale wodziwa kusambira.

Ku Bangkok mukagone masiku atatu. Lawirirani ku Grand Palace, nyumba ya mafumu imene anayamba kuimanga mu 1782, dzuwa lisanatenthe. Mukavale zobisa mapewa ndi mawondo, apo ayi akakubwezani pageti. Chapafupi pali kachisi wa Wat Pho, mmene muli fano la Buddha logona, lotalika mamita 46. Mukatero kwerani bwato muwoloke mtsinje wa Chao Phraya kukaona kachisi wa Wat Arun. Chenjerani ndi anthu ovala bwino amene amaima panjira n'kumati lero nyumba ya mafumu yatsekedwa. Wina anandiuza zomwezo akumwetulira, tuk-tuk (takisi ya matayala atatu) ili kale pambali kuti ikandizungulitse m'masitolo a miyala yamtengo wapatali ndi kwa atelala. Ndinangoyenda pang'ono n'kupeza geti lili chitsegukire, anthu ali pamzere.

Popita ku Chiang Mai, ndege musakwere. Kwerani sitima yausiku yonyamukira pa siteshoni ya Krung Thep Aphiwat, imene imayenda maola pafupifupi 13. Ine pa ulendo wonse wa ku Thailand, apa m'pamene mtima wanga unatsala. Kukada, wantchito wa m'sitima amabwera n'kukoka mipando iwiri yoyang'anizana ija, kuyala matiresi ndi nsalu zoyera, kupachika katani, mpando n'kusanduka bedi inu mukuona. Pemphani mabedi apansi nonse awiri: ndi otakasuka ndipo ali ndi zenera. Juzi isakhale m'chikwama chachikulu, chifukwa makina oziziritsa aja usiku amalowa m'mafupa. Kukamacha mudzatsegula katani n'kuona nkhungu ili yakata m'mapiri, nkhalango yobiriwira ikudutsa pang'onopang'ono. Matikiti ake amatha msanga, choncho muguliretu pa intaneti.

Chiang Mai ndi mzinda wakale, unakhazikitsidwa mu 1296, ndipo ngalande yamadzi yozungulira mzinda wakalewo ilipobe. Masiku atatu akwana. Kwerani masitepe oposa 300 a kachisi wa Doi Suthep, ndipo ngati mawondo a bambo akuvuta, pali chikepe. Mukalawe khao soi, chakudya cha kumpoto kumeneko cha msuzi wa kokonati. Mukayese kuti Lamlungu likupezeni kumeneko chifukwa cha msika wamadzulo woyambira pa chipata cha Tha Phae. Ambulera musaiwale, Ogasiti ndi nthawi ya mvula kumpotoko.

Masiku otsalawo ndi a Koh Samui, ndipo amenewa ndi opuma basi. Bwalo la ndege la pachilumbachi ndi la kampani ya Bangkok Airways, n'chifukwa chake matikiti ake amakhala okwera mtengo. Mukafuna kusungako ma baht (ndalama za kumeneko), terani ku Surat Thani, mzinda wa kumtunda, kwerani basi mpaka ku doko la Donsak, kenako pantoni. Njirayi imadya pafupifupi tsiku, ndiye muyeze thumba ndi mphamvu zanu. Pogona sankhani Mae Nam kapena Bophut, chifukwa ku Chaweng nyimbo zimachezera usiku. Tsiku limodzi lokha mukwere boti kukaona Ang Thong, zilumba 42 zotetezedwa ndi boma. Njinga zamoto zobwereketsa zili paliponse ndipo n'zotchipa, koma ndikukupemphani, zisiyeni. Alendo ambiri avulala nazo m'misewu ya pachilumbachi.

Musananyamuke konzeranitu viza, ndipo m'masiku atatu omaliza musanafike ku Thailand mudzaze pa intaneti fomu yolowera m'dzikolo yotchedwa TDAC, imene inayamba kugwira ntchito mu Meyi 2025. Muli kumeneko, za mfumu yawo musalankhule zonyoza ngakhale mwanthabwala, lamulo lake limafika zaka 15 m'ndende.

Usiku womaliza mukagone ku Bangkok, osati pachilumba, kuopa kuti nyanja ingavute pantoni n'kuchedwa. Muonetsetsenso tikiti yanu, poti mzindawu uli ndi mabwalo a ndege awiri otalikirana, Suvarnabhumi ndi Don Mueang, ndipo ndege zambiri zotchipa za m'dzikomo zimatera ku Don Mueang.