Kodi Nyimbo Zingaononge Khalidwe la Anthu? Yankho kwa Mayi Wodera Nkhawa Mwana Wawo

Ndalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi ena amene apempha kuti dzina lawo ndisalitchule. Iwo akuti mwana wawo wamwamuna wa zaka 15 amaswera tsiku lonse mahedifoni ali m'makutu, akumvetsera nyimbo zotukwana, zotamanda kuledzera ndiponso zonyoza akazi, ndipo masiku ano wayamba kuyankha mwamwano ndi kuitana alongo ake mayina amene m'nyumbamo sanamvekepo n'kale lonse. Funso lawo lili pawiri: kodi nyimbo zili ndi mphamvu yoononga khalidwe la munthu, ngakhale la mtundu wonse, nanga ngati zili nayo, bwanji maboma sangoziletsa?

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa chondikhulupirira ndi nkhani ya m'banja mwanu. Ndiyambe ndi kunena kuti inde, nyimbo zimasintha anthu, koma kusinthako sikuchitika m'njira imene makolo ambiri timaiopa. Ife timadandaula ndi phokoso, kavinidwe ndi kavalidwe ka oimba, pamene choopsa chenicheni ndi mawu amene amachotsera anthu ena ulemu wawo, ndipo amabwerezedwa mpaka womvetsera azolowere kuona mnzake ngati chinthu.

Nkhawa yanuyi ndi yakalekale. Zaka pafupifupi 2,400 zapitazo, Plato, munthu wanzeru zakuya wa ku Girisi, anachenjeza kuti kaimbidwe kakasintha, malamulo akuluakulu a dziko amagwedezeka nawo, ndipo iye asanabadwe n'komwe, Confucius wa ku China anali atadandaula kale kuti nyimbo za dera la Zheng n'zachiwerewere ndipo ziyenera kuthamangitsidwa. Mu Januwale 1957, woimba Elvis Presley ataonekera pa pulogalamu ya pa TV ya Ed Sullivan ku America, makamera anamuonetsa kuyambira m'chiuno kupita kumtunda kokha, poopa kuti kagwedezedwe ka thupi lake kasokoneza achinyamata. Mu 1985 gulu la amayi lotsogozedwa ndi Tipper Gore ndi anzake linakatula nkhani ya nyimbo zolaula ku komiti ya nyumba ya malamulo ya Senate, ndipo kuchokera pamenepo ndi pamene panabwera kachizindikiro kochenjeza makolo kamene timakaona pa zimbale za nyimbo. Achinyamata ambiri amene anavina nyimbo za Elvis anakula n'kukhala makolo abwinobwino. Ena amatenga mbiri imeneyi ngati umboni wakuti makolo amangochita mantha ndi chilichonse chatsopano, koma ine sindivomereza zimenezo, chifukwa kuopa molakwika dzulo sikutanthauza kuti palibe choopsa lero.

Zoti nyimbo imagwira thupi ndi mtima palibe angatsutse. Amene amawerenga Baibulo akukumbukira kuti Sauli akavutidwa ndi mzimu woipa, Davide ankamuimbira zeze ndipo mtima wake unkakhala pansi. Mu 2011 akatswiri a pa yunivesite ya McGill ku Canada anajambula ubongo wa anthu akumvetsera nyimbo zimene amazikonda kwambiri, ndipo anapeza kuti ubongo umatulutsa dopamine, timadzi tomwe timatulukanso munthu akamasangalala ndi zinthu zina zokhutiritsa thupi. Eni masitolo akuluakulu anadziwa zimenezi kalekale. Kafukufuku wa Ronald Milliman wa mu 1982 anaonetsa kuti m'sitolo mukamamveka nyimbo zodekha, ogula amayenda pang'onopang'ono ndipo amagula zambiri. Ofufuza a pa yunivesite ya Leicester ku England anayesa china chodabwitsa koposa mu 1997: tsiku limene ankaika nyimbo za Chifalansa m'sitolo, vinyo wa ku France ndiye ankagulidwa kwambiri, ndipo tsiku la nyimbo za Chijeremani zinthu zinkatembenuka, komabe ogula ambiri atafunsidwa anakana kuti nyimbo ndi imene inawasankhitsa. Mfundo yomalizayi muigwire, Mayi, chifukwa mwana wanu akadzakuuzani kuti iye amangomvera kulira kwa zida osati mawu, adzakhala akunena zimene akukhulupiriradi, ngakhale kuti zimenezo sizikhala zoona zonse.

Komabe kusankhitsa munthu botolo la vinyo ndi nkhani ina, kumuchititsa mlandu ndi nkhani inanso. Mu 2003 Craig Anderson ndi anzake anapeza kuti ophunzira a ku yunivesite amene anamvetsera nyimbo za mawu achiwawa anasonyeza maganizo aukali kuposa amene anamvetsera nyimbo zofanana nazo koma zopanda mawu otero. Chimene anayeza chinali maganizo a nthawi yomweyo nyimbo itangotha, osati ndewu kapena kupha. Mu 1990 gulu loimba la Judas Priest linazengedwa mlandu ku Nevada, makolo a anyamata awiri amene anadziwombera akunena kuti m'nyimbo za gululo munabisika mawu owalimbikitsa kudzipha, koma woweruza anagamula kuti gululo silinachititse tsokalo. Chinanso chimene amene amaloza chala nyimbo pa zoipa zonse ayenera kuchifotokoza ndi ichi: ku America milandu ya chiwawa inafika pachimake cha m'ma 1991, kenako inatsika ndi pafupifupi theka m'zaka makumi awiri zotsatira, ndipo zaka zomwezo ndi zimene nyimbo za rap, zomwe zinkanenedwa kuti ndiye gwero la chiwawa, zinafalikira kuposa kale. Chikhala kuti nyimbo imalowa m'khutu n'kutuluka ngati mpeni m'dzanja, ziwerengerozo zikanakwera. Umphawi, nkhanza za m'banja, mowa, mfuti ndi anzake ocheza nawo zimakoka mwana mwamphamvu kwambiri kuposa chimbale chilichonse.

Apa ndiye pamene ambiri amalekera nkhaniyi, n'kunena kuti nyimbo ndi zosangalatsa chabe. Ine sindilekera pamenepa, chifukwa pali kafukufuku mmodzi amene amandiganizitsa kwambiri. Mu 2006 Steven Martino ndi anzake a ku bungwe lofufuza la RAND ku America anafalitsa zimene anapeza atatsatira kwa zaka zitatu achinyamata 1,461 a zaka 12 mpaka 17. Iwo anagawa nyimbo zokamba za kugonana m'magulu awiri, zina zokamba za chikondi ndi chilakolako pakati pa anthu olemekezana, zina zoonetsa mkazi ngati chida chosangalatsira mwamuna ndi mwamuna ngati munthu wosakhutira amene ulemu wake uli pa chiwerengero cha akazi. Achinyamata amene ankamvetsera kwambiri nyimbo za gulu lachiwirili ankayamba zogonana msanga kuposa anzawo, anyamata ndi atsikana omwe, pamene nyimbo za gulu loyamba sizinaonetse kugwirizana koteroko. Kafukufuku wa mtundu uwu sangatsimikize kotheratu kuti nyimbo ndi imene inachititsa, pakuti mwana amene mtima wake wapendekera kale kumeneko akhozanso kusankha nyimbo zoterozo, koma ofufuzawo anaganizira zinthu zina zambiri za moyo wa anawo ndipo kusiyanako kunatsalabe. Chimene ndikuona pamenepa n'chakuti vuto silinali pa mutu wa nyimbo ayi, linali pa kunyozako.

Nanga kunyoza kwa m'nyimbo kumalowerera bwanji kuposa kwa m'nkhani wamba? Buku timaliwerenga kamodzi kapena kawiri, kanema timamuonera n'kumusiya, koma nyimbo yokondedwa imamvedwa kambirimbiri mpaka munthu kuiloweza osafuna. Choposa apo, nyimbo sitingoimva, timaiimba ndi pakamwa pathu, ndipo mawu akuti "ine" amene woimba ananena za iye mwini amasanduka "ine" wa womvetsera. Mnyamata amene sangayerekeze kuima pamaso pa anthu n'kutchula mkazi dzina lonyansa, amalitchula mosavuta likakhala pamwamba pa kaimbidwe kokoma, ndipo akalitchula kokwanira, lilime limazolowera, manyazi amatha, tsiku lina dzinalo limatuluka popanda nyimbo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kukoma kwa kaimbidwe ndi kumene kumagonetsa mlonda wa mumtima amene akanafunsa kuti, kodi zimene ndikunenazi ndikugwirizana nazo?

Mwafunsanso za mtundu wonse, ndipo apa sindingalambalale Rwanda. Kuyambira mu Epulo mpaka Julayi 1994, anthu oposa 500,000, ambiri a iwo Atutsi, anaphedwa m'masiku pafupifupi 100. Wailesi ya RTLM, imene inayamba kuulutsa mawu mu 1993, inakopa achinyamata ndi nyimbo zotchuka ndi macheza, ndipo pakati pa nyimbozo oulutsa ankatcha Atutsi mphemvu. Nyimbo za Simon Bikindi, woimba wodziwika kwambiri m'dzikomo pa nthawiyo, zinkaikidwa mobwerezabwereza. Mu Disembala 2008 khoti la United Nations ku Arusha linamulamula kukhala m'ndende zaka 15. Chigamulocho n'chofunika kuchimvetsa bwino. Oweruza anapeza kuti nyimbo zake ziwiri zinalembedwa n'cholinga chofalitsa chidani pa Atutsi ndiponso kuti kuulutsidwa kwa nyimbo zake kunakolezera kuphanako, koma chimene anamumangira chinali mawu amene analankhula pa chimkuzamawu ali m'galimoto mu Juni 1994, akulimbikitsa anthu kupha. Nyimbozo sizinayambitse chidanicho, pakuti chinali ndi mbiri ya zaka zambiri ya ndale ndi utsamunda, ndipo zikwanje zinagawidwa ndi anthu amene anakonza chiwembu. Ntchito ya nyimbo inali kupangitsa chidanicho kumveka chokoma, chovinika, choimbika pagulu, kotero kuti munthu wodana ndi mnansi wake sankadziona ngati woipa, ankadziona ngati mmodzi wa ambiri. Sindikuyerekeza nyimbo za mwana wanu ndi tsoka limenelo, ndipo kutero kungakhale kusalemekeza amene anafa. Ndikungosonyeza kuti pamene nyimbo zinathandizadi kuononga dziko, njira yake inali yomweyi yochotsera anthu ena umunthu.

Mphamvu yomweyo yomanga anthu pamodzi ndi imene inagwira ntchito ku Estonia, kumene mu Seputembala 1988 anthu pafupifupi 300,000 anasonkhana mu mzinda wa Tallinn n'kuimba nyimbo za dziko lawo, ndipo pofika 1991 anali atamasuka ku ulamuliro wa Soviet Union. Anthu oimbira limodzi amakhulupirirana msanga ndipo amalimba mtima, n'chifukwa chake asilikali, opembedza ndi ochita zionetsero onse amaimba.

Pa funso la kuletsa, Mayi, ndikusiyana nanu. Boma likapatsidwa mphamvu yosankha nyimbo zoyenera kumvedwa, kawirikawiri limayambira pa nyimbo zimene zikulidzudzula. Chipani cha Nazi chinaletsa jazi pa wailesi za ku Germany mu 1935 pofuna, amvekere, kuteteza chikhalidwe, pamene icho chomwe chinkaphunzitsa ana nyimbo zachidani. Woimba wa ku South Africa Miriam Makeba atalankhula ku United Nations mu 1963 motsutsa tsankho, nyimbo zake zinaletsedwa ku South Africa, ndipo iye sanathe kubwerera kwawo mpaka mu 1990. Ku Nigeria mu 1977 asilikali pafupifupi 1,000 anaotcha nyumba ya woimba Fela Kuti chifukwa cha nyimbo zonyoza ulamuliro wa asilikali, ndipo mayi ake, amene anaponyedwa pa zenera tsikulo, anamwalira chaka chotsatira. Lamulo lolanga munthu wolimbikitsa kupha kapena kuzunza gulu la anthu ndimaligwirizana nalo, akhale walankhula kapena waimba, ndipo n'zomveka kuti wailesi zisaike nyimbo zolaula nthawi imene ana akumvetsera. Kupitirira apo, kuletsa kumangoonjezera kutchuka kwa nyimboyo, makamaka masiku ano pamene mwana amaipeza pa intaneti m'kanthawi kochepa.

Tsopano za mwana wanu. Kuyankha mwamwano pa zaka 15 kumachitika ngakhale kwa ana amene samvetsera nyimbo zotere, choncho musafulumire kuika mlandu wonse pa mahedifoni. Nthawi zina nyimbo imakhala ngati kalilole woonetsa zimene zili kale mumtima, ndipo mwana wokwiya kapena wosungulumwa amafunafuna woimba amene akumveka ngati akumumvetsa, motero ndi bwino kufufuza ngati pali china chimene chikumusautsa kusukulu kapena pakati pa anzake. Kumulanda foni tsiku loyamba kudzangomuphunzitsa kubisa. Ndikupemphani kuti mukhale naye pansi nthawi imene nonse mitima ili m'malo, mumupemphe akuikireni nyimbo zitatu zimene amazikonda koposa, muzimvetsere mpaka kumapeto osamudula, kenako mumufunse chimene chimamusangalatsa m'nyimbozo. Mwina mudzadabwa kupeza kuti ina ikukamba za kukula wopanda bambo kapena za kulimbana ndi umphawi, ndipo imeneyo muiyamikire poyera kuti adziwe kuti simukudana ndi zonse zimene iye amakonda. Ikafika ija yonyoza akazi, muzimitse zida, mumupemphe awerenge mawu ake mokweza ngati kalata, akuyang'anani, ndipo mumufunse ngati angalole munthu wina kunena mawu amenewo kwa inu kapena kwa alongo ake.

Koma pa mayina amene akuitana nawo alongo akewo, musadikire zokambirana zonsezi. Muuzeni lero lomwe kuti mayina amenewo m'nyumba mwanu sadzamvekanso, kaya anawatola m'nyimbo kaya kwa anzake, ndipo apepese kwa alongo ake pamaso panu. Ngati pali bambo ake, amalume ake kapena mwamuna wina wamkulu amene iye amamulemekeza, ameneyo anenenso zomwezo ndi pakamwa pake, chifukwa mayina amenewa mnyamatayu wakhala akuwamva kuchokera kwa amuna, ndipo akufunika kumva mwamuna wina akuwakana.