Mwafika ku Tete? Yezetsani BP musanazolowere moyo wakuno

Abale amene mwangowoloka pa Zóbuè kapena pa Calómuè kudzafuna ntchito mumzinda wa Tete, ku migodi ya malasha ku Moatize, kapena kudzachita geni, za mapepala ndi nyumba ya lendi mumva kwa ambiri. Za thupi lanu ndi ochepa angakuuzeni. Kumudzi munkalima, munkayenda wapansi kupita kuchigayo, ndiwo zinali nkhwani, bonongwe ndi nyemba. Kuno mudzakwera chapa (minibasi) kapena njinga yamoto ngakhale pa ulendo wa mphindi 15, mudzadya zogula, ndipo ndalama ikayamba kugwirika, nyama ya mbuzi ndi tchipisi zimakhala za tsiku ndi tsiku. Kuthamanga kwa magazi (BP) ndi matenda a shuga zimayambira pamenepo, ndipo zimatha zaka munthu osamva kupweteka paliponse.

Choyamba kukusinthani ndi dzuwa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ludzu silitha, dzanja limangothamangira Frozy kapena Coca-Cola wozizira. Kachitini ka Coca-Cola ka 330 ml kali ndi magalamu 35 a shuga, pafupifupi masupuni ang'onoang'ono 9. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 50 patsiku. Mukamwa tiwiri mwadutsa kale malire, tiyi wam'mawa uja osamuwerengera. Yendani ndi botolo la madzi owiritsa kapena othira Certeza (mankhwala oyeretsa madzi), muzimwa musanamve ludzu. Mkodzo ukakhala wachikasu chodera, madzi achepa m'thupi. Pamenepo musazolowere kumwa ibuprofen kapena diclofenac chifukwa cha msana kapena mutu: mankhwala amenewa akakumana ndi thupi louma amawononga impso.

Pa mchere ndi pomwe ambiri timagwera, chifukwa subwera ndi supuni yokha ayi. Muyezo wa tsiku lonse ndi wosafika magalamu 5, supuni yaing'ono imodzi yosasefukira. Tsono taonani mbale yakuno. Nsomba ya chicoa yochokera ku Cahora Bassa imaumitsidwa ndi mchere wambiri, mpaka mumauona utayera m'mamba. Mumphika momwemo mayi athiramo caldo (ufa kapena timibulu togula tokometsera ndiwo), yemwe mbali yake yaikulu ndi mchere, kenako athiranso mchere wapamanja, wina patebulo awazanso. M'mawa munadya pão (buledi), yemwenso ali ndi mchere wake. Chicoa muziviika m'madzi kwa ola limodzi kapena awiri, kutaya madziwo kawiri, ndipo pophika musathirenso mchere. Caldo akalowa, mchere usalowe. Kukoma kufuneni kwa tomato, anyezi, adyo, mandimu ndi tsabola. Masabata awiri kapena atatu oyamba ndiwo zimamveka zozizira, kenako lilime limazolowera. Masamba musawasiye poganiza kuti ndi chakudya cha osauka: kabichi, repu ndi nyemba zochokera ku Angónia ndi Tsangano zimapezeka m'misika, masau ndi malambe ndiye ndi akwawo kuno. Theka la mbale likhale ndiwo zamasamba, nsima mitanda iwiri yapakati ikwana kwa munthu wogwira ntchito yokhala pansi.

Mowa wa 2M wa kumapeto kwa mwezi, kachasu ndi fodya, izi mukuzidziwa kale. Zimakweza BP, ndipo fodya akaphatikizana ndi fumbi la malasha la ku Moatize mapapo amalemedwa kawiri. Chifuwa chikatha masabata awiri, kayezetseni TB.

Madalaivala a mathiraki, alonda ndi ogulitsa m'mashopu, inu ndinu okhala pansi tsiku lonse. Thupi limafuna mphindi 150 pasabata za kuyenda mwandawala, kutanthauza mphindi 30 masiku asanu. Kuno zimenezi zimatheka m'mamawa dzuwa lisanakwere kapena madzulo. Bwerekani tepi ya telala muyeze pamchombo: bambo akapitirira masentimita 94, mayi 80, ngozi yayamba kukula, ngakhale anzanu azikuyamikani kuti kunja kwakukondani.

M'mwezi woyamba pitani ku centro de saúde (chipatala chaching'ono) yapafupi mukapemphe kuti akuyezeni tensão (BP) ndi shuga. Ngati Chipwitikizi chikuvuta, tengani mnzanu wodziwa chinenerochi kapena Chinyungwe. Musanayezedwe khalani pansi mphindi 5, musasute fodya kapena kumwa khofi kwa theka la ola, mkono ukhale wotsamira patebulo. Ikafika 140/90 kapena kuposa pa masiku awiri osiyana, imeneyo ndi BP yofuna chithandizo. Shuga amayezedwa bwino m'mawa musanadye kanthu, 7.0 mmol/L kapena kuposa ndi chizindikiro cha matendawa. Makina ena amalemba 126 mg/dL, ndi chimodzimodzi, mungogawa ndi 18. Lembani manambalawa ndi tsiku lake m'kabuku.

Amene munabwera mukumwa kale mankhwala, buku lanu lakuchipatala lisatsale kumudzi. Mayina a mankhwalawa sasiyana kwenikweni: amlodipine kuno ndi amlodipina, metformin ndi metformina. Cholakwika chofala n'kudikira kuti mudzatenga ena mukadzapita kunyumba pa Khirisimasi, kapena kusiya chifukwa mukupeza bwino. BP imabwerera pamasiku ochepa, mwakachetechete. Musagawanenso mapiritsi ndi mnzanu wa m'chipinda. Ngati mumamwa hydrochlorothiazide, yemwe amakodzetsa, ndipo mukugwira ntchito padzuwa, muuzeni dokotala mukamamva chizungulire. Iye ndiye asinthe mlingo, osati inu.

Wina pakati panu akapindika kamwa mwadzidzidzi, mkono kapena mwendo wambali imodzi kufooka, mawu kumatuluka osamveka, kapena kumva kuthina pachifuwa ndi thukuta lozizira, musamugoneke kuti muone mawa, ndipo musamupatse chakudya kapena madzi ngati akulephera kumeza. Pezani galimoto nthawi yomweyo mupite naye ku banco de socorros (kolandirira odwala mwadzidzidzi) pa Hospital Provincial de Tete kapena chipatala chomwe chili pafupi, mutanyamula mankhwala onse amene amamwa, ndipo mukumbukire ola lomwe zinayamba chifukwa adokotala adzalifunsa.