Amalume anu anafera kunkhondo, ngakhale anatsirizikira m'chipatala

Mayi wina wa ku Kawale wandilembera imelo sabata yathayi. Akuti amalume awo anali Lieutenant wachinyamata, anawomberedwa ku Mozambique akulondera njanji ya ku Nacala, ndipo anamwalira patapita masiku angapo ali m'chipatala. Kumudzi, nkhani ikabuka, akuluakulu amangoti "uja anamwalira kuchipatala" n'kuidula pomwepo. Akufunsa ngati munthu wotere angakumbukiridwe ngati wofera kunkhondo, ndi poyambira pake.

Mayi, pepani ndithu. Amalume anu anafera kunkhondo. Chinawapha ndi chipolopolo, osati bedi la m'chipatala. Kungoti imfa inachedwa panjira masiku ochepa, masiku a ululu omwe mnzawo wofera pomwepo sanawaone. Zimandiwawa tikamachotsera munthu ulemu chifukwa choti anapirira.

Musawadandaule akuluakuluwo. Asilikali athu anapita kunjanjiyo mu 1987, gulu la Renamo, lomwe linkamenyana ndi boma la Mozambique, litadula njira zathu za ku Nacala ndi ku Beira, katundu akuzungulira kutali kuti afike kuno. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo nkhani za asilikali sinkakambidwa pabwalo. Munthu ankalandira bokosi, kulira, kuika, n'kutseka pakamwa. Nkhondo ya ku Mozambique inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, koma m'mabanja ambiri pakamwa mpotsekabe mpaka lero.

Tsono yambirani kwa alongo awo, mayi anu kapena mayi aang'ono, akadali ndi moyo. Iwo sanataye msilikali chabe. Anataya mlongo, amene lero akanakhala mwinimbumba, woweruza milandu yanu, wokhala patsogolo pa ukwati wanu. Musawafikire ndi mafunso a nkhondo. Khalani nawo pamphasa madzulo, mufunse kuti ankakonda ndiwo yanji, anaphunzira kuti, tsiku lomaliza kubwera kutchuthi anabweretsa chiyani. Zinazo zidzatuluka zokha. Mupemphenso kutsegula sutikesi ija ya pansi pa bedi. Mwa zotere mumapezeka chithunzi chofiirira cha mnyamata ali mu yunifomu, chipewa chitapendekeka, kapena kalata yothetheka m'mapindo. Mukapeza nambala yawo ya usilikali, ilembeni posataika, chifukwa mukapita kukafunsa ku Kamuzu Barracks ndiyo idzathandize kupeza mbiri yawo. Anzawo a nthawi imeneyo ena alipo, apuma ntchito. Afufuzeni msanga, zaka zikupita.

Ngati pamanda palibe chiliza, kambiranani ngati banja mumange. Palembedwe dzina lonse, udindo wawo, zaka, ndi mawu oti anafa ndi mabala a kunkhondo. Ana odutsa pamenepo aziwerenga okha.

Kenako Novembala akafika, bwerani kuchipilala cha chikumbutso ku Area 18. Mwambowu unayamba pokumbukira kutha kwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse pa 11 November 1918, koma ndi wa asilikali onse ofera pantchito, kuyambira a KAR (King's African Rifles, asilikali a nthawi ya atsamunda) mpaka asanu ndi mmodzi aja amene anafera kufupi ndi Beni ku DRC mu 2018. Ine ndimapita. Ikakwana 11 koloko kumati zii mphindi ziwiri, dzuwa likuswa mtengo, nkhalamba za mamendulo pachifuwa zitaima chilili, ena manja akunjenjemera pandodo. Lipenga likamalira, mutu uliwonse umawerama.

Mudzatenge chithunzi chija, ndipo ngati miyendo ikuwalola, mudzabwere ndi mayi anu. Pa mphindi ziwirizo mudzatchule dzina la amalume, ngakhale monong'ona.