Kukonzetsa chizungu pa ChatGPT nkuba?

Mchemwali wina amene akupanga masters pa yunivesite ya Wits kuno ku Joni wandilembera imelo, akuti pepa yake yoyamba wawongola chizungu pa ChatGPT, pulogalamu ya AI ija yolemba ngati munthu, asanaitumize ku jenolo yosindikiza za kafukufuku ndiye mtima ukumugunda, aulule kapena angokhala phee.

Mchemwali funso lanuli landifika pamtima. Ine nditangofika kuno ku Joni ndinkagwira ntchito usiku mushopu ina ku Mayfair, masana kukalasi maso ali psuu, ndiye pepa yanga yoyamba inabwerera ndi mawu a rivyuwa, katswiri wounika pepa isanasindikizidwe, akuti chizunguchi achione kaye munthu wobadwa nacho. Za data yomwe ndinakatolera ndekha ku Dedza nthawi yadzinja, matope mpaka m'mawondo, mafomu nditakulunga mujumbo kuti asanyowe, sananenepo olo liwu limodzi. Ndinalipira munthu wokonza chizungu ndalama yomwe ndimayenera kutumizira amayi pa Mukuru, mwezi umenewo kumudzi sanagule fetereza. Ndiye wina akamati kuwongola chizungu ndi makina nkuba ine zimandiwawa, chifukwa amene anakulira m'chizungu ndalama imeneyi sanaitulutsepo chibadwire. Nawonso ma pulogalamu ofufuza ngati nkhani yalembedwa ndi AI aja amatilakwira ife tomwe, mu 2023 akatswiri a ku Stanford anapeza kuti nkhani zopitirira theka zolembedwa ndi ophunzira omwe chizungu si chiyankhulo chawo zimalozedwa kuti nza makina pomwe anthuwo analemba okha.

Koma apa ndisakubisireni, pali anzathu amene akutinyozetsa ndipo amenewo ine sindingawaikire kumbuyo. Mu February 2024 jenolo ina ya kampani ya Frontiers inatulutsa pepa yokhala ndi chithunzi cha khoswe chopangidwa ndi Midjourney, pulogalamu ya AI yojambula zithunzi, ziwalo zosaoneka mutu wake, mawu olozera ziwalozo osapezeka m'chiyankhulo chilichonse, patangopita masiku ochepa anaichotsa. Ena amauza ChatGPT kuti iwapezere ma reference, iyo nkupeka maina a mabuku omwe kulibe, iwo nkungomata osatsegula olo limodzi. Kumeneko si kukonza chizungu ayi, ndi bodza, ndipo wina mawa adzamangira kafukufuku wake pa bodza lomwelo. Ndikudziwa chimawathamangitsa, kuno ku South Africa boma kudzera ku DHET, dipatimenti yoona za maphunziro apamwamba, limapereka ndalama ku yunivesite pa pepa iliyonse yotuluka mu jenolo yovomerezeka ndiye aliyense amangomva tulutsa tulutsa, komabe dzina lili pamwamba pa pepayo ndi lako, akadzafunsa adzafunsa iwe.

Nanga muchite bwanji

Ululani. COPE, bungwe loona za khalidwe pa zosindikiza za kafukufuku, linanena mu 2023 kuti AI singakhale mlembi poti singayankhe mlandu, koma amene waigwiritsa ntchito anene poyera. A Elsevier, kampani yaikulu yosindikiza majenolo, amati ngati mwangokonza sipelo ndi galamala palibe chifukwa cholengeza, koma ChatGPT imatembenuza ziganizo zonse, ndiye lembani kachiganizo kakuti munagwiritsa chida chakuti pa ntchito yakuti ndipo munawerenganso nokha. Asupavaiza anu auzeni kaye musanatumize, muwerengenso malamulo a jenolo yanuyo poti amasiyana. Mayankho a anthu omwe munawafunsa mafunso musamate mu ChatGPT, anakukhulupirirani inu osati kampani ya ku America.